Mbaula Yanu Imazima Ndikayamba Kusoka

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Othani Bwino.

Bwana wolemekezeka,

Eya, ndakhutira. Mwafunsa pa foni ngati ndakhutira ndi mbaula yanu ya gasi yoothera panja ija, ndipo mwati ndiyankhe podina wani ngati ndi eya kapena thuu ngati ndi ayi. Ine ndaona kuti munthu wamkulu ngati inu sayankhidwa ndi chala chimodzi, n'chifukwa chake ndapempha alamu anga kuti andilembere kalata. Ine sukulu ndinangoisuzumira pawindo. Lembani zimenezo alamu, si zamanyazi.

Ndine telala. Ndimasoka pakhonde la matabwa la sitolo ya zitsulo, ndipo eni sitolowo andipatsa diresi la ukwati la mwana wawo. Anandiuza mosapsatira kuti likapanda kutha sabata ino, pakhondepo pakhala telala wina, amene wayamba kale kuzungulirazungulira ngati khwangwala. Tsono zala zangazi zili ndi nyamakazi. Kukazizira m'mawa zimauma ngati misomali ya m'sitolomo, ulusi osalowa pasingano. N'chifukwa chake ndinagula mbaula yanu. Walira mvula walira matope.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kudekha. Kuti iyake, umadina kabatani, n'kugwira osasiya, kwinaku ikulira tha, tha, tha ngati munthu wachibwibwi. Ikayaka umagwirabe. Ukati tsopano yamva, n'kuchotsa chala, moto uja zimu. Munaganiza bwino, bwana. Kungoti Mulungu anandipatsa manja awiri okha, ndipo onse awiri amafunika pansalu.

Chachiwiri, mphepo. Pakatoni panu munajambula anthu ali panja, akuseka, tsitsi likuuluka. Ndinaimbira mtsikana wanu wapafoni uja, mwana waulemu kwambiri, mumukwezere malipiro. Iye anati ndiyiike pamalo popanda mphepo. Bwana, panja popanda mphepo ife timati m'nyumba. Nditati ndiyilowetse m'sitolo, anati ayi bambo, m'nyumba imapha anthu. Ndiye panja imafa iyo, m'nyumba timafa ife. Ine ndi umbuli wangawu sindinapezebe malo achitatu.

Chachitatu... tili pa chachitatu eti, alamu? Eya. Kukazizira kwambiri, kamoto kake kamachepa ngati ka machesi. Mtsikana uja anati chibotolo cha gasi chikazizidwa, gasi amatuluka mwaulesi. Ndinachimvera chisoni, n'kuchivulira jekete langa. Tsopano m'mawa uliwonse mbaula ili m'jekete, ine ndili m'shati. Anthu odutsa amafunsa kuti akuotha mnzake ndani, ine ndimangoweramira makina.

China n'cha kangaude. Tsiku lina moto unasanduka wachikasu, n'kuyamba kufuka, mwaye n'kutera pa dzanja la diresi loyera lija. Mtsikana uja anati mwina kangaude wamanga nyumba m'kapaipi. Ndinatokosa ndi singano, ndipo analimodi, wonenepa bwino, ndi banja lake lomwe. Ameneyo ndiye kasitomala wanu wokhutira kwambiri, mumutumizire funso lija nayenso. Koma dzanja la diresi silinayere. Ndinadula manja onse awiri n'kumuuza mkwatibwi kuti manja aafupi ndiye fasho ya chaka chino. Ayi alamu, zimenezo musalembe. Mwalemba kale? Basi, zisiyeni, bwanayu sakuwadziwa.

Tsopano chachikulu, chimene chandipangitsa kukuvulirani chipewa. Tsiku limene kunalibe mphepo, kangaude atasamuka, chibotolo chitafunda, mbaula inayaka bwinobwino. Zala zinamasuka. Ndinalowetsa ulusi kamodzi kokha, ngati mnyamata. Nditangoyamba kupalasa makina, zimu. Ndinayatsanso, n'kukhala phee, ikuyaka. Kuponda makina, zimu. Mtsikana uja anandifotokozera kuti munaikamo kanthu kanzeru kozimitsa moto mbaula ikagwedezeka, kuti ikagwa isawotche nyumba. Nzeru zimenezo n'zabwino, sindikutsutsa. Koma khonde ndi lamatabwa, ndipo makina a mapazi akamayenda limanjenjemera lonse. Ndinaikapo njerwa pansi, ndinaikapo katoni yanu yomwe ija, ndinaisunthira kutali mpaka inayamba kufunditsa galu wa eni sitolo. Ikakhala pafupi, imafuna ndipinde manja.

Choncho masiku ano timagwira ntchito mosinthana. Iyo ikamayaka, ine ndakhala. Ine ndikamasoka, iyo yapuma. Msoko umodzi ukamatha zala zauma kale, ndiyambirenso tha, tha, tha. Diresi lafika m'chiuno. Zipi sindinaike, mpendero sindinapinde, ndipo khwangwala uja dzulo amayeza khonde ndi tepi.

Pepani, bwana, ndakutayitsani nthawi. Sindikupempha mbaula ina, chifukwa ziwiri ndilibe majekete oziveka. Pempho langa n'laling'ono. Mawa m'mamawa, ngati mpando wanu ungakuloleni, mubwere pakhonde pano. Mudzainyamule mbaulayi m'manja kuti isamve kugwedezeka, chala china chili pakabatani, msana mutatchinga mphepo. Si mwalemba nokha pakatoni kuti ndi yonyamulika? Mudzavale jekete lalikulu, chibotolo chidzalifuna. Ndikatsiriza mpendero ndidzakudinirani wani ndi chala chofunda.

Ine wanu woothera kutali,
Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo.

Dikirani alamu, musapinde pepalalo. Onjezerani izi pansipo. Aneba anga ometa tsitsi akhala akumvetsera chiyambire, ndipo akuti ndakulakwirani, bwana. Akuti mbaulayi ilibe vuto ngakhale pang'ono. Akuti inayesedwa mokwanira mu ofesi mwanu, chaka chathunthu osazima, chifukwa m'menemo palibe chimene chimagwedezeka.