Masamu a Profesa pa Duka la Ujamaa

Nzeru yothyola duka la ujamaa, sitolo ya mudzi wonse ya ku Mbamba Bay, inabadwira m'kilabu cha mayi Anjelina, chidebe cha ulanzi, mowa wa nsungwi, chitafika pakati.

Eni nzeruyo anali atatu, onse ochokera kutsidya, ku Malawi. Wyson ankamutcha Profesa, chifukwa anaphunzirako masamu pa koleji ina ku Dar es Salaam mpaka tsiku limene njinga ya mphunzitsi inasowa. Harrison ankamutcha Chigayo, poti chilichonse chodutsa pafupi ndi pakamwa pake chinkaphwanyika. Wachitatu anali Efraimu, wogulitsa usipa wouma, munthu wosaba chibadwire. Iyeyu anamukokeramo chifukwa anali ndi chikwama cha kumsana cha usilikali chimene anamusiyira malume ake. Nayenso anali ndi lake vuto: kanga, chitenje cha mkazi wake Hilda, inali itatha moti munthu akanasefera ufa, ndipo Hilda anali atayamba kufunsa masiku amene sitima imapita ku Nkhata Bay, kwa amayi ake.

Zinali zaka zija sopo, shuga ndi mabatire zinkamveka pa wailesi pokha. Koma sabata imeneyo lole ya ku Songea inatsitsa katundu m'dukamo.

"Pa chikondwerero cha Saba Saba anthu onse adzakhala ku bwalo kuonera mganda," anatero Profesa. "Ife tidzalowera pawindo lakumbuyo, masanasana. Ulendo umodzi, chikwama chimodzi. Alamu, chikwama chanucho chimanyamula zingati?"

"Makilo makumi awiri," anayankha Efraimu. "Mukapitirira, malamba amaduka."

"Ndiye zosavuta," anatero Chigayo. "Tidzangonyamula chodula kwambiri, basi."

Profesa anamuyang'ana ngati wamva chisoni. "Ndi chifukwa chake mbava za kuno zimafa zosauka. Makina osokera ndi makilo khumi ndi asanu, mashilingi mazana asanu ndi limodzi. Ukawatenga, malo atha. Koma mpukutu wa nsalu ndi katoni ya mabatire, chilichonse makilo khumi, mashilingi mazana anayi. Ziwirizo pamodzi zaposa makina aja. Kusankha bwino kuli ndi njira yake, dzina lake dainamiki purogalamingi."

"Dainamaiti?" Maso a Chigayo anawala. "Tidzaphulitsa?"

"Imwa mowa, aise."

Tsikulo litafika, ng'oma za mganda zinkamveka ku bwalo, mumsewu mutangotsala nkhuku. Windo silinavute. Efraimu atatera mkati, maso ake anagwera pa kanga zofiira zili pa shelefu. Anatambasula dzanja.

"Musakhudze!" anatero Profesa. "Masamu asanavomere, palibe cholowa m'chikwama."

Anatenga choko pa bolodi la mitengo, nagwada pa simenti n'kuyamba kujambula timabokosi. Pamwamba analemba makilo, kuyambira imodzi mpaka makumi awiri. M'mbali analemba katundu, aliyense mzere wake.

"Timayamba ndi kachikwama ka kilo imodzi," anafotokoza. "Kenako ka makilo awiri, mpaka tifike pa chanucho. Pa katundu aliyense timafunsa: timusiye kapena timutenge? Tikamusiya, yankho ndi la mzere wapamwamba. Tikamutenga, timaona malo otsala, n'kuwonjezera yankho limene tinalipeza kale la malowo. Chachikulu pa ziwirizo ndicho timalemba. Palibe chowerengera kawiri. Njira yachangu kwambiri."

"Yachangu bwanji?" anafunsa Efraimu.

"Ikani nsalu pa sikelo, alamu."

Efraimu ankayeza, Profesa ankalemba, Chigayo ankalondera. Mzere wa makina unatha, wa nsalu unatha, wa mabatire unatha, wa shuga unatha. Pamenepo panamveka kukukuta kuseri kwa kauntala.

"Chigayo, ukudya chiyani?" anafunsa Profesa.

"Ndikungolawa."

Paketi ya shuga inali itapepuka. Profesa anafufuta mzere wonse ndi mkono wa malaya n'kuyambiranso.

"Achimwene," anatero Efraimu, "bwanji ine ndingotenga kanga imodzi, inu muzimaliza?"

"Kanga ili pa mzere womaliza. Dikirani nthawi yake."

Tsoka linabwera ndi sopo. Efraimu atamuika pa sikelo, muvi unaima pa kota kilo. Profesa anayang'ana muviwo, nayang'ana timabokosi take.

"Timabokosi tathu tikuyenda kilo kilo," anatero. "Kota alibe pokhala. Bokosi lililonse tiligawe panayi. Pafunika makumi asanu ndi atatu pa mzere uliwonse."

"Tingomusiya sopoyo!" anatero Efraimu.

"Ndiye tidziwa bwanji kuti tasankha bwino?"

Timabokosi tatsopanoto tinayenda kuchokera kukhoma lakumbuyo, n'kudutsa pansi pa kauntala, n'kukagunda chitseko cha kumaso. Simenti inathera pomwepo, masamu asanathe. Profesa, osakweza mutu, anakoka chitsulo chotsekera mkati, natsegula chitseko, n'kupitiriza pakhonde. Ankakwawa chafutambuyo, choko m'manja, akunong'ona manambala.

Efraimu anamva ng'oma zikusintha malo. Kenako anazimva zikuyandikira. Anafuna kuthawa, koma Chigayo, poyesa kutuluka ndi makina osokera, anali atakanirira pawindo, miyendo ili mkati. Khomo lotsala linali lakumaso, ndipo pamenepo panali pataima kale ovina mganda ovala zoyera, amayi a ana kumsana, ndi Anselm, mkulu wa asilikali a m'mudzi otchedwa mgambo.

Anthu anayesa kuti boma latumiza mphunzitsi wa sukulu ya kwacha. Ena anakhala pansi. Bambo wina anavula chipewa. Anselm anauza oimba ng'oma kuti atsitse phokoso, ndugu mwalimu, mbale wathu mphunzitsi, akugwira ntchito.

Profesa anadzaza bokosi lomaliza, nalitsata chobwerera mzere ndi mzere, naimirira maondo ali mbuu.

"Zatheka!" anafuula, akuyang'ana m'dukamo. "Alamu, longedzani! Mabatire, wailesi, shuga, sopo, kanga ziwiri. Makilo makumi awiri ndendende. Palibe mbava ingasankhe bwino kuposa apa!"

Anthu ochepa anaomba m'manja. Mayi Gaudensia, wogulitsa m'dukamo, anadutsa pakati pawo makiyi ali m'manja. Anayang'ana chitseko chotsegula, miyendo ya Chigayo, ndi Efraimu ataima ndi chikwama chopanda kanthu.

"Ndugu," anafunsa, "mukulongedza kupita nazo kuti?"

Efraimu anaona Hilda m'gulumo, atavala kanga yake yakutha ija, manja ali m'chiuno. Anaganiza zomuuza kuti masamu anali atamupatsa ziwiri, koma anaona kuti nthawi yake sinali imeneyo.

Chigayo anamusolola pawindo amuna anayi. Atawaimika atatuwo pamsewu, mgambo wina anatambasula chingwe n'kupukusa mutu, akuyang'ana Anselm.

"Afande, chingwechi chikwana anthu awiri okha. Timange ati?"

Profesa anakweza choko. "Funso labwino kwambiri limenelo. Timayamba ndi chingwe chokwana munthu mmodzi..."

Anselm anavomereza, nayamba ndi kumanga iyeyo.