A Zimitsani ndi Chithunzi cha Nyenyezi

Mumsewu mwathu simunakhalepo munthu wodana ndi babu ngati malemu a Zimitsani. Masana ankakonza mawotchi mwaulemu wawo, koma dzuwa likangolowa ankatulutsa telesikopu, chimpaipi choonera nyenyezi, n'kuyamba kulamulira makomo a eni ake: "Zimitsani magetsi apanjawo!" Dzina lawo lenileni linafera pomwepo.

Chimpaipicho chinkakhala pachitsulo cha miyendo itatu chokhala ndi kamota. Kamotako kankayenera kutembenuza telesikopu pang'onopang'ono, kutsatira nyenyezi pamene kamera ikujambula. Kutchera chitsulocho kunkawatengera ola lathunthu atagwada, ngati munthu wopepesa mlandu waukulu. Mavuto onsewa ankangofuna chinthu chimodzi asanafe: chithunzi chooneka bwino cha kamtambo kena ka nyenyezi.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, chithunzi chilichonse chinkatuluka mizeremizere ngati papalasa nkhuku. Olakwa tinali ife, nanga n'kukhalanso ndani? Ine telala woyandikana nawo ndiye ndinaona zakuda.

"Atelala, mwayendatu! Chithunzi chagwedezeka!"

"Ndili m'nyumba mwangatu, bambo."

"Nthaka ndi imodzi. Muziyenda monyang'ama."

Mayi a pagolosale anadandaula kuti akazimitsa babu kubwera akuba.

"Abwere," anatero a Zimitsani, "bola asayatse tochi."

Akazi awo tsiku lina anayanika thaulo pachimpaipi chija. Bambowo ananyanyala osalankhula mlungu wathunthu, ndipo mayiwo amanena mpaka lero kuti m'banja mwawo simunakhalepo mlungu wokoma ngati umenewo.

Chaka chatha anayamba kufooka, moti mpongozi wawo ndiye ankachita kuwanyamulira chitsulo chija. Tinagwidwa chisoni. Madzulo ena msewu wonse unazimitsa magetsi, aliyense n'kukhala phee pampando. Chithunzi chinatuluka mbee, nyenyezi iliyonse payokha, kamtambo kaja kali psuu pakati. M'mawa anayenda khomo ndi khomo ndi ndodo yawo, misozi ili m'maso.

"Mwaona mukamamvera? Zikomo, anthu inu."

Patapita miyezi iwiri anatisiya. Apa m'pamene mpongozi uja anaulula kuti tsiku limenelo, popukuta fumbi, anakankha mwangozi kaswichi kena kunsi kwa mota. Kani zaka zonsezo kamotako kankazungulira chobwerera, nyenyezi zikupita uku, telesikopu ikupita uko!

"Nanga osawauza bwanji?" ndinafunsa.

"Ndikanayambira pati? Anali atathokoza kale msewu wonse."

Tinaseka mpaka kugwira nthiti.

Masiku ano msewu wathu ukuwala ngati sitolo, ndipo palibe amene amatikalipira. Ndinkayesa ndidzasangalala, koma ndimawasowa koopsa. Kangapo konse anandiitana kuti ndikasuzumire m'chimpaipi chija, ine n'kumayankha kuti mawa, ndili ndi buluku la eni ake loti ndimalize. Dzulo ndinaima pakhomo kuyang'ana kumwamba kuti ndipeze kamtambo kawo, koma sindikudziwa n'komwe kuti kali mbali iti.