Tsiku Limene Ndinatsekera Apongozi M'bafa

Kumudzi kwa mkazi wanga, kufupi ndi Domwe, anthu anasiya kunditchula dzina. Ndikangotsika njinga pamsika amayamba kukodolana, wina n'kunena mokweza kuti, "Afika a Mesitiri." Kwathu kuno mesitiri ndi mmisiri wodziwa ntchito yake, ndiye mlendo atha kuganiza kuti akundilemekeza. Sakundilemekeza ayi. Ine ndine mlimi wa kachewere, ndipo ndikanakhala munthu wakumva ndikanathera pa khasu pomwepo.

Nthawi imeneyo ndinali pachikamwini. Ndinali nditakhalapo ndithu, mwana wathu Lusia atayamba kale sukulu, ndipo mtima wanga unali pa chinthu chimodzi: kupempha chitengwa, nditenge banja langa tikamange kwathu kumene kuli dimba la bambo anga. Koma chitengwa sapempha ngati mmene timapemphera moto. Mawu omaliza anali ndi apongozi anga aakazi, mayi wamasiye wosalankhulalankhula. Ine ndi iwo tinkapatsana ulemu wachikale uja. Tikakumana panjira wina ankapatuka, tikamalankhulana aliyense ankayang'ana kumbali, ndipo nkhani zambiri zinkadzera mwa mkazi wanga, amake Lusia. Zaka zonsezo sindinkadziwa ngati amandikonda kapena amangondipirira.

Chaka chimenecho kachewere anandiyanja. Malole opita ku Kalomwe ananyamula matumba onse, ndipo mukudziwa kuti m'thumba mukalowa kanthu mutu umayamba kubala nzeru zachilendo. Ndinaganiza zowachitira apongozi chinthu chooneka ndi maso, choti tsiku lokamba za chitengwa amalume a mkazi wanga adzangoloza chala n'kunena kuti mkamwini wake ndi ameneyu.

Nyumba ya apongozi anamanga malemu amuna awo, amene anali mphunzitsi wophunzira ku mishoni ya Fonte Boa. Inali ndi bafa la m'nyumba, chinthu chosowa m'mudzimo: kachipinda kosambiramo ndi ndowa, madzi n'kumatulukira pa kabowo kapakona. Pansi ndi m'makoma munali matailosi. Koma matailosi ake anali oti ili labuluu, ili loyera, ili lobiriwira, ili lamaluwa, ngati chitenje cha zigamba. Ndinawaona tsiku lina ndikukonza loko, ndipo ndinadziuza kuti umenewu ndi umphawi wofunika kuubisa (ndikulemba izi nditazolika).

Ndinatuma amake Lusia kuti akafunse ngati ndingaikemo atsopano. Anabwerako akuyenda pang'onopang'ono.

"Akuti ngati inu mwaona kuti n'koyenera, iwo alibe mawu. Koma akuti musaswe matailosi a bambo aja."

Munthu wanzeru akanamva kuti wakanidwa mwaulemu. Ine ndinamva kuti anditsegulira msewu. Pa telefoni ndinali nditaonera anthu akumata matailosi atsopano pamwamba pa akale osagumula kanthu, ntchito n'kutha munthu asanamalize kumwa tiyi.

"Wanena zoswa ndani?" ndinatero. "Tingowafunditsa basi."

"Kodi inu abambo a Lusia, munamatapo tailosi chibadwire?"

"Nanga khola la nkhumba lija anamanga ndani?"

"Lija nkhumba zinatulukamo zokha lija?"

Ndinadzuka n'kukatenga njinga, chifukwa mwamuna sayankha funso lililonse.

Ku Ulongwe ndinasankha matailosi oyera mbee, owala moti umadziona nkhope. Mwini loja, kapena kuti sitolo, anandiuza kuti pomata pamwamba pa akale pamafunika simenti yapadera imene amaitcha kola, komanso kuti akalewo ndiwatsuke bwino n'kuwakanda kuti atsopano apeze pogwira. Ndinagwedeza mutu ngati munthu amene akuuzidwa zimene akuzidziwa kale. Kola ndinagula wongokwanira pansi. M'makoma ndinati simenti wamba ikwana, popeza pakhoma sipayenda munthu.

Ndinayamba ndi kuzula chitseko. Nditagwada pansi ndinaona kuti pansi pakalepo panali popendekera kukona kuja. Ndinapukusa mutu n'kuwadandaulira malemu mumtima kuti choko ndi simenti n'zosiyana, munthu wamkulu ameneyu analephera kuwongola pansi. Ndiye ine ndinawongola. Kukonako ndinathira kola wambiri mpaka pansi ponse panafanana ngati tebulo. Kabowo ndinakasiya ndithu, sindine chitsiru (panthawiyo ndinkakhulupirira choncho). Zotsuka ndi kukanda zija ndinaziona zochedwetsa, ndiye m'makoma ndinangopaka simenti pamwamba pa sopo wa zaka zonse zimene banjalo lakhala likusamba, n'kumata.

Pobwezera chitseko chinakana kulowa, chifukwa pansi panali patakwera. Ndinachisema kunsi ndi chikwanje mpaka chinavomera. Chinkakhula pansi n'kumalira ngati mbuzi yokokedwa pachingwe, koma chinkatsekeka.

Ndisaname, munawala. Apongozi anabwera n'kuima pakhomo, ine nditaima kutali ndikuyang'ana mtengo wa pichesi. Anauza mwana wawo kuti, "Mwayera." Liwu limodzi lomwelo ndinalinyamula tsiku lonse ngati mendulo. M'maganizo mwanga ndinali nditayamba kale kukweza katundu pangolo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti madzi anali atasiya kudziwa njira. Kupendekera kumene ndinawongola kuja ndiko kunkawatsogolera ku kabowo. Tsopano ankangoima, ambiri n'kumasonkhana kuchitseko. Amake Lusia ankawakankha ndi tsache mwakachetechete kuti asandichititse manyazi, koma chitseko, chimene ndinachisema n'kusiya thabwa lili pamtunda, chinkamwa madziwo tsiku ndi tsiku n'kumafufuma.

Tsiku latsokalo linali la m'mwezi wa Juni, ndipo amene anakhalako kumapiri kuno akudziwa kuzizira kwake. Nkhungu inali itaphimba mudzi. Amake Lusia anali atalawirira ku Kalomwe kukagulitsa nyemba, mwana ali kusukulu, ine ndili pakhonde kusankha mbewu ya kachewere. Ndinamva kugunda kawiri konse. Kenaka ndinamva chifuwa, chija amatsokomola munthu wofuna kumvedwa koma osati ndi iwe. Patapita nthawi kunamveka mawu olankhula ngati akufunsa mphepo.

"Kodi panja pano pali munthu?"

"Alipo, amayi."

"Wina palibe?"

"Palibe, amayi."

Kenaka anati, "Chitseko chakana."

Mkamwini sayandikira kumene apongozi ake akusamba, ngakhale kudziwa kumene kuti akusamba n'kulakwa kale. Iwo anali atachikankha mwamphamvu potseka, podziwa kuti pakhomo pali mwamuna, ndiye chinalumana ndi matailosi anga. Ndinalowa m'nyumba chobwerera m'mbuyo, ndikupepesa pa phazi lililonse. Nditafika ndinatsinzina n'kuchigunda ndi phewa.

Chitseko sichinasunthe, koma m'kati munamveka phwaa. Ndinagundanso. Phwaa, phwaa.

"Amayi, n'chiyani chikugwa?"

"Ntchito yanu ikutsika, abambo."

Analankhula modekha ngati akundiuza kuti kunja kwayamba mvula. Kenaka anati, "Lekani. Ndidikira mwana wanga."

Apa ndiye nthabwala zinandithera. Shapa, minibasi yochokera ku Kalomwe, imafika dzuwa litapendeka, ndipo mayi wachikulire anali ataima m'madzi ozizira, ali ndi chitenje chimodzi, pakati pa zidutswa zakuthwa. Ndinkamva mano akugundana kuseri kwa thabwa. Kuwasiya kunali kuwapha ndi chisanu, kuthyola chitseko ndekha kunali kuwapha ndi manyazi.

Ndinathamangira kwa a Nachisale, oyandikana nawo nyumba, n'kuwanong'oneza kuti abwere okha, wina asamve. Anabwera ndi azimayi a mudzi wonse, ena ana kumsana, wina atagwira chipande m'manja. Anakankha onse pamodzi, chitseko osamva. Pamapeto pake a Nachisale anagamula mlandu. Azimayi anatambasula zitenje n'kupanga mpanda, ine anandiimika chofulatira, anandilamula kutsinzina, n'kundiuza kuti ndimenye ndi chidendene.

Ndiye taganizirani bambo wa mwana, woimba kwaya kutchalitchi, akuponda cham'mbuyo ngati bulu, maso ali chitsinzinire, pakamwa pakungotuluka "pepani amayi, pepani amayi." Chitseko chinagonja pamodzi ndi felemu lake, ndipo matailosi amene anatsala m'makoma anatsika onse kudzachitira umboni. Sindinacheuke. Ndinathawira kudimba nsapato imodzi itatsala m'nyumba, ndipo kumbuyo ndinamva wina akuti, "Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka."

Apongozi sanavulale, koma chisanu chija chinawalowa. Anagona ndi chifuwa kwa nthawi ndithu, ndipo ndikamva akutsokomola ndinkasowa poika nkhope. Amake Lusia sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero.

Amalume a mkazi wanga atabwera kudzazonda odwala, anayang'ana m'bafamo n'kundiuza mawu ochepa: "Bwezerani mmene munalili." Ndinaganiza kuti n'zosavuta, popeza m'makoma anali atachoka okha. Koma pansi paja ndinagwiritsa kola, ndipo kola anagwira monga mmene mwini loja ananenera. Tailosi lililonse latsopano limene ndinkatukula linkabwera litakumbatira lakale, lakalelo litasweka. Ndinayesa pang'onopang'ono, ndinayesa ndi mpeni, ndinayesa kunyowetsa ndi madzi otentha. Dzuwa polowa ndinali nditakhala pakati pa mulu wa zidutswa, zabuluu, zobiriwira, zamaluwa. Chinthu chimodzi chokha chimene apongozi anandipempha chinali choti ndisaswe amenewo.

Za chitengwa ndinazichotsa m'mutu. Ndikanayambira pati? Koma apongozi atachira, amalume anandiitanitsa okha. Tinakhala pabwalo, ankhoswe ali pomwepo, apongozi atakhala pamphasa chofulatira monga mwa masiku onse. Amalume anati amva kuti ndakhala ndikufuna kutenga banja langa, ndiye anafunsa mlongo wawo maganizo ake.

"Atengane azipita kwawo," anatero apongozi. "Akakhala pano dzinja lina, tidzagona pamtetete."

Anthu anaseka mpaka ankhoswe anapukuta misozi. Ine ndinawomba m'manja kuthokoza, monga mwambo ufunira. Chimene ndinachilakalaka zaka zonse zija ndinachilandira, koma chinandiwawa. Ndinkafuna kuti adzandilole chifukwa chondikhulupirira, osati chifukwa choopera nyumba yawo.

Tsiku losamuka, ndikumanga katundu pangolo, ndinazungulira kuseri kukatenga makasu. Ndinapeza apongozi atakhala pansi ndi Lusia, beseni lili pakati. Ankatsuka zidutswa zija chimodzichimodzi n'kumaziyala padzuwa, mtundu ndi mtundu. Sanandione, ndipo ndinaima kuseri kwa nkhokwe.

"Labuluu ili," ankamuuza mwanayo, "agogo ako anabwera nalo panjinga kuchokera ku Ulongwe, titangobwerako ku Dedza kumene tinathawira nkhondo. Tinapeza pano pali thengo. Ankagula otsalira m'maloja, awiri lero, atatu mwezi wamawa, n'chifukwa chake sanafanane. Tsiku la ili anagwa pamlatho, iwo n'kuguluka dzino, ilo osasweka. Anafika akuseka, magazi ali pakamwa, atalikweza m'mwamba."

"Nanga lasweka bwanji, agogo?"

Mwana anafunsa mosadziwa kanthu, ndipo yankho lake linali litaima kuseri kwa nkhokwe, khasu lili m'manja. Apongozi anachitembenuza chidutswacho, n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Linakalamba, mwanawe. Zinthu zimakalamba."

Ndinabwerera kungolo osatenga khasu lachiwiri, ndipo amake Lusia atandifunsa chimene chafiiritsa maso anga ndinanamizira fumbi.

Pano tili kwathu, m'nyumba ya simenti yosalala yopanda tailosi ngakhale limodzi. Telefoni ndimaonerabe, ndipo posachedwapa ndinaona njira yabwino yokhomera denga la malata pamwamba pa lakale, koma nditangoyamba kufotokoza, amake Lusia anadzuka n'kukabisa nyundo. Chimene ndinaphunzira n'chakuti wamkulu akakuuza kuti "ngati mwaona kuti n'koyenera," bwerera ukakhale pansi. Kwa apongozi ndimapitako nthawi yokolola kukawathandiza, ndipo timayang'anabe kumbali polankhulana. Zidutswa zija anazisunga m'beseni lomwe lija, pansi pa bedi. Mpaka lero Lusia amadziwa kuti matailosi a agogo ake anasweka ndi ukalamba, ndipo ine sindinalimbebe mtima kumuuza zoona.