Sabata Yogulitsa Zambezi

Lolemba

Mapu atha! Kuyambira nthawi ya mvula ndakhala ndikuwajambula pa laputopu ndikaweruka ku ofesi ya zaulimi. Lero ndikuwayang'ana ngati mwana wanga woyamba.

Ndi a masewera aja okhala mozungulira tebulo, wina n'kudzisandutsa mlenje, wina mfumukazi, wina wakuba, n'kumaponya madayisi kuti muone amene apulumuke. Azungu amajambula maiko a chisanu. Ine ndajambula kwathu:

Zambezi, ndi ng'ona ya mitu itatu pamene akukumana ndi Luangwa.
Kavalamanja, mudzi wa akatswiri a mikondo.
Katondwe, nyumba ya ochiritsa paphiri.
Boma, likulu la ufumu. Ofesi yathu ndi linga.

Loweruka kukubwera alendo owedza mcheni, ndipo mwini loji wandilola kuwagulitsa mapu pakhonde. Mkazi wanga, amake Tiza, akuti, "Mitu itatu, mimba imodzi? Chidzafa ndi njala chimenecho." Mmisiri salemekezeka kwawo.

Lachiwiri

Ndikusindikiza mapu kumsika. Pepala likutuluka lokongola, koma pakati pa mtsinje padutsa mawu otuwa a Chizungu, akuti n'zosewerera kunyumba basi, osagulitsa.

Ba Mwanza, anzanga a mu ofesi ochokera ku Lusaka, amawerenga chilichonse, ngakhale kapepala ka m'bokosi la panado. Atsegula malamulo a pulogalamu yojambulira ija. "Iwe, iyi ni yaulere. Ukafuna kugulitsa ufunika laisensi ya malonda. Sunawerenge?"

Amawerenga ndani? Munthu umangodina kuti wavomera!

Zambezi ndimasambamo ine. Chilolezo andipatse munthu amene sanamwepo madzi ake?

Lachitatu

Ndaganiza bwino. Wamalonda weniweni sazemba lamulo. Ndigula.

Netiweki ndiye ayi. Foni ikundilandira ku Mozambique. Ndasuntha pang'ono, ikundilandira ku Zimbabwe. Ndazungulira maiko ndili pa mpando womwewo wa pulasitiki!

Ndakwera kaphiri ka kuseri kwa ofesi, laputopu m'manja, thukuta kamukamu. Tsamba latseguka. Pofuna kulipira, khadi la banki lakana. A kubanki akuti khadi langa silinatsegulidwe kugula zakunja, ndipite ndekha ku Lusaka ndi chitupa.

Lusaka! Chifukwa cha ng'ona.

Lachinayi

Nzeru zandibwerera ndikusamba. Sindigulitsa mapu. Ndigulitsa nsomba zouma, mapu akhale mbasela. Mlamu wanga wa ku Kavalamanja wabwera kale ndi dengu lodzaza.

Pofuna kuonetsa kuti ndine munthu wa chilungamo, ndalemba imelo kwa eni pulogalamu kuwafotokozera nzeruyi. Ayankha mwaulemu kwambiri. Akuti mapu ndi okongola (ndasunga mawu amenewa), koma mphatso yokopera ogula ndi malonda ndithu.

Anandituma kufunsa ndani?

Mlamu naye waona mapu. Dimba lake lagwera pamene ndalemba kuti Dambo la Mizimu Yanjala. "Alamu, tomato wanga agula ndani manje?" Ndasuntha mizimu. Ili kwa aneba ake.

Lachisanu

Mlongo wanga wa ku Lusaka walipira ndi khadi lake. LAISENSI YAFIKA! Dzina langa lonse, osalakwitsa ngakhale chilembo. Mawu otuwa aja achoka mumtsinje. Ndayenda kuchokera ku ofesi mpaka kumsika manja kumbuyo, kupereka moni kwa aliyense.

Masana Ba Mwanza awerenganso. Munthu ameneyu alibe ntchito ina?

Akuti laisensi ndi ya pulogalamu yokha. Tizithunzi tomwe ndinatola pa intaneti n'kuika m'mapu tili ndi eni ake, aliyense ndi lamulo lake.

Zololedwa: miyala, udzu, mlatho umodzi.
Zoletsedwa: linga, mabwato, mitengo yonse, ng'ona.

Ndafufuta. Luangwa yatsala ngati bwalo la mpira mu Okutobala. Palibe kanthu, manja ndili nawo. Ndijambula ndekha ndi bolopeni ya Tiza.

Loweruka

Ku loji. Shati yosita, tebulo, laisensi mu fulemu.

Linga langa likuoneka ngati khola la mbuzi. Ng'ona ikuoneka ngati abuluzi omangidwa michira. Koma zonse n'zanga, palibe angandiimbe mlandu.

Alendo afika, ofiira ndi dzuwa. Ndafotokoza masewera onse, mlenje, mfumukazi, madayisi. Amvetsera bwino, akugwedeza mitu. Kenako wamkulu wawo akuloza pamapu: "Nanga mcheni ukudya pati apa?"

Wina wajambula mapu ndi foni, wathokoza, wapita.

Mlamu, amene anangondiperekeza, wagulitsa dengu lonse kwa ophika a pa loji. Ndamupatsa mapu amodzi apite nawo kumudzi. Akuti njinga yalemera kale.

Lamulungu

Kutchalitchi ndaimba mokweza kuposa masiku onse, asaganize kuti ndagwa mphwayi.

Madzulo tayala mapu pamphasa pansi pa mtengo wa msawu. Ba Mwanza asankha kukhala wakuba, koma akufuna ayambe awerenga malamulo onse. Amake Tiza ndi mfumukazi. Lamulo lawo loyamba mu ufumu ndi lakuti mapu otsala ayanikirepo masawu, chifukwa pepala lake ndi lolimba. Aneba abwera kudzaonerera, akhala pansi, mpaka kuda sakufuna kuchoka. Osalipira, ndithu.

Zili bwino. M'boma lonse la Luangwa, munthu wololedwa ndi lamulo kugulitsa mapu a masewera ndine ndekha. Wogula ndiye sanabadwe.

Mawa ku ofesi. Kuli lipoti la mbuzi zodwala.