A Pilato, Mdani wa Zinthu Zogona

Ku Milonde kuno ukangotchula a Pilato, achikulire amayamba kuseka usanamalize. Bambo ameneyu sankatha kupirira akaona chinthu chikungokhala. Nkhwangwa yako ikagona masiku awiri, umaimva ikulira kuphiri m'manja mwawo.

Ngakhale dzinalo analitola chifukwa linkagona. Atabwera kuchokera kutsidya kwa Ruo n'kulowa kalasi ya mpingo, tsiku la ubatizo mphunzitsi anawafunsa dzina limene asankha.

"Pilato."

"Bambo, Pilato ndi uja anapereka Ambuye kuti apachikidwe!"

"Ndamva. Koma a Yosefe muli nawo kale asanu muno. Ili langokhala m'Buku, palibe akulitenga. Ndipatseni ndiligwiritse ntchito bwino."

Ine Bizwick nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa esiteti ya khofi, ndipo ndinkadziona ngati mzungu amene wangopsa ndi dzuwa. Ndinali ndi nsapato, zokhazo m'mudzi monse. Popita kutchalitchi ndinkazinyamula paphewa, n'kuzivala pakhomo, n'kuzivulanso potuluka kuopa zingathe. Lamulungu lina ndinazipeza kuseri kwa nyumba zodzaza dothi, tsabola atamera mosangalala.

"A Pilato, nsapato zanga mwazitani?"

"Masiku asanu ndi limodzi zimangoyasamula, a kalaliki. Ndazipatsa chochita."

Pa mapemphero ndinali katswiri wopempha. "Ambuye tipatseni, Ambuye tiwonjezereni," mpaka mawondo a anthu kuwawa. A Pilato m'malo moti Amen ankanena mokweza, "Ambuye, dikirani kaye. Zimene munawapatsa chaka chatha sanamasule."

Koma mkangano weniweni unali wa dimba. Mkazi wanga Estele anali ndi dimba la kwawo m'mbali mwa mtsinje, ine n'kumuletsa kulima. Mkazi wa kalaliki, matope m'miyendo? Udzu unakula kundiposa. Tsiku lina ndinapezamo mizere ya mbatata ndi chinangwa, a Pilato ali pakati akuimba nyimbo ya Mulungu.

Ndinawasumira kwa akulu a mpingo kuti ndi wakuba. Ndinayankhula theka la tsiku, n'kuponyamo ndi mawu anga awiri a Chingelezi. A Pilato anangoloza kumwamba. "Mwini dimba ndi Uyo, ndipo sanadandaule." Akulu anagamula kuti achokemo. Anachokadi m'mawa, masana n'kubwereramo.

Chaka chotsatira khofi anauma, mzungu mwini esiteti anatichotsa ntchito tonse, mvula nayonso inadula msanga. Ndinazindikira kuti kalaliki wopanda cholemba ndi munthu wamba wanjala. Ana athu atatu anasiya kusewera, ankangogona pamthunzi tsiku lonse, ndipo ndinachita mantha kuti ndiwakwirira. Estele sananditukwane. Anangotenga dengu n'kundisenzetsa pamutu.

Ndinayenda njira yonse ya kudimba ndikukonza mawu opepesa. Ndinapeza a Pilato atakumba kale mulu wa mbatata.

"Mwachedwa. Tengani, n'zanu izi."

Ndinalira, mwamuna wandevu, dengu lili pamutu.

"Misozi musatayire pamenepo, kaimeni pamzere uwo, ndi wouma," anatero. Kenaka anatsitsa mawu. "Dimba silinkandiwawa kwambiri, a Bizwick. Chisoni changa chinali pa manja anuwa. Mulungu anawaumba bwinobwino."

Anamwalira patapita zaka zinayi. M'nyumba mwawo tinapezamo mphasa ndi mpeni wotha mpaka pachigwiriro. Zina zonse zinali za eni ake, ndipo aliyense anazindikira chake chili chonoledwa kuposa mmene chinachokera.

Chiwaikireni m'manda, Milonde wazizira. Ulesi ukuyenda momasuka, anthu n'kumaupatsa moni, ndipo pa mapemphero aliyense amati Amen mwaulemu. Ine ndimawasowa kwambiri bambo aja.

Ana anga atatu anakula, pano ali ndi awo. Zaka zonsezi akhala akudziwa kuti anapulumuka njala ija chifukwa cha nzeru za bambo awo, poti ndi mmene ndinkawafotokozera. Wondiyalutsa kulibe tsopano, ndiye ndadziyalutsa ndekha.