Kompyuta Yogonetsa Mwana

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba kwa mlendo aliyense, ndiye bola manyazi angawa ndiwanene ndekha.

Madam amene ndinkawagwirira ntchito ya garden ku Brooklyn wa mu Africa muno, dera la mabwana, anandipatsa kompyuta yakale, yofiirira ngati dzino. Ndikaiyatsa m'kachipinda kathu ku komboni ya Olievenhoutbosch inkalira "mmmmm", ndipo khanda lathu, Tadala, linkagona pomwepo. Ku night school anali atatiphunzitsa kuti mawu a kompyuta amachokera mu sound card. Ndiye ndinkadziwa woyenera kumuthokoza.

Achimwene Phiri, a ku Dedza amene ankaphunzira ku yunivesite, anandiikiramo pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, ija amailemba anthu ongodzipereka. Loweruka lina ananditenga ku msonkhano wa anthuwo. Ndinawapeza akukangana ngati achotse mbali yoyendetsa ma sound card akale kapena ayi.

"Nobody uses that rubbish! Zikungotichedwetsa," anatero mzungu wina wandevu.

Ndinaimirira. Ndinati wogwiritsa ntchito alipo, ndine, ndipo kadi yakaleyo ndi imene imagonetsa mwana wanga. Ndinakamba za amphawi a mu Africa muno. Ndinayendetsa chithunzi cha Tadala. Mayi wina anapukuta misozi. Ena anandiwombera m'manja, ena anatuluka atakwiya.

"Mubwere nayo kompyutayo tidzaiyese," anatero wandevu uja.

Sabata yotsatira ndinaikulunga m'chitenje cha mkazi wanga n'kuifungata mu taxi. Mayi amene ndinayandikana nawo anafunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Wandevu anaitsegula, n'kusuzumiramo nthawi yaitali. Kenaka anaitana a Phiri.

"Achimwene," anandinong'oneza a Phiri, "muno mulibe sound card."

"Eish! Nanga chimaimba n'chiyani?"

"Fan. Yadzaza fumbi."

Anthu abwino aja sanaseke. Anaipukuta fan ija, kuithira mafuta, n'kundibwezera kompyuta ili zii. Mbali ya ma sound card akale anaichotsa tsiku lomwelo, onse mogwirizana.

Kunyumba ndinaiyatsa. Tadala anaiyang'ana, anayang'ana ine, n'kuyamba kulira.

Kuyambira pamenepo ntchito ija ndinaitenga ndine. Ndimakhala pambali pa bedi, milomo yotseka, "mmmmm". Tsiku lina mkazi wanga anamvetsera kwa kanthawi.

"Bambo a Tadala," anatero, "ija inkaimba bwino kuposa inu. Kapena tikuthireni fumbi?"

Musanamenyere nkhondo chinthu, yambani mwatsegula muone ngati chilimo.