Jombo ya Mngelezi wa ku Kaseye

Anzanga, andale a ku Mangalande ndawakwiyira, ndipo munthu asandipepese. Anthu aja ndi oipa mtima! Amangotionetsa zawo pa kanema, koma zimene zimamugwera munthu akawatsanzira sanena.

Ine kwathu ndi ku Thyolo, koma ndinakwatira kuno ku Kaseye ndipo ndili ndi kagolosale pamsika. M'golosalemo muli kanema, ndiye makasitomala akachepa ndimaonera nkhani za ku Mangalande, mpaka anthu anangonditcha Mngelezi. Ndinkawaseka bwanji andale akumeneko! Uyu akulankhula mvula ikumukhuthukira popanda ambulera, uyo walephera kudya buledi pamaso pa ojambula, wina wanyamula khanda la eni ngati dzungu lotentha. Koma chinthu chimodzi ndinachigwira: akafuna mavoti amavala jombo zatsopano, kugogoda khomo ndi khomo, kenako kukajambulitsa kumunda ngati alimi.

Itafika nthawi yosankha wapampando wa komiti ya msika, ndinati mpando uwu ndi wanga. Ndinkaufunadi ndi mtima wonse, chifukwa zinkandiwawa kuti ena ankanditchabe mlendo chonsecho ana anga anabadwira konkuno. Wopikisana nane anali Mayi Namfukwe, ogulitsa nyemba, amene kampeni yawo inali kungokhala pabenchi n'kumaseka ndi anthu. Ine ndinagula jombo zoyera mbee, n'kupereka foni kwa akazi anga, a Nalungwe, kuti azindijambula.

"Awiske Chikondi, kwathu kuno sitiyenda choncho," anandichenjeza, akundiitana mwa kwawo ndi dzina la mwana wathu.

"Inu muzingojambula basi. Ndale mumazidziwa inu?"

Tinalowa m'midzi momwe amakhala anzathu a pamsika. Wandale wachizungu amagogoda, kugwira chanza, kumwetulira, wapita. Khomo loyamba ndinachita chomwecho, chiimire. Mayi wa pakhomopo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku jombo.

"Monire adada. Kwagwa maliro kodi, kuti muzilankhula chiimire?"

Ndinakhala pansi mwamanyazi. Tinafunsana za ana, za ng'ombe, za mvula, za mwendo wa amalume awo, ndipo tisanafike n'komwe pa nkhani ya voti kunabwera chikapu cha chindongwa, thobwa lakuno lija. Munthu wofuna voti ungakane bwanji? Ndinagugudiza. Khomo lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chikapu chake chinali ngati ndowa, ndipo mbiri inali itanditsogolera kale kuti Mngelezi amakonda chindongwa. Pofika masana mimba inali ndiii, ikulira ngati chigubu chosadzaza pa njinga. Bwanji azungu aja sanandiuze kuti iwo amagogoda m'makomo mopanda chindongwa?

Munthu wanzeru akanabwerera kunyumba. Koma ine ndinkafunabe chithunzi cha kumunda. M'mbali mwa njira tinapeza a Sikwese, mkulu wogulitsa chimanga pamsika, akulima ndi ng'ombe ziwiri, ndipo anthu obwera kuchigayo anali ataima potero.

"Adada Sikwese, ndibwerekeni pulawo ndigwireko pang'ono."

"Munalimapo ndi ng'ombe, a Mngelezi?"

"Kwambiri!"

Kwambiri kwa chiyani? Ku Thyolo ng'ombe yolima ndinaionera kuti ine? Cholinga changa chinali kungogwira, kumwetulira, foni ithethe, basi. Koma nditaona anthu aja ndale zinandikwera kumutu, ndinavula chipewa n'kuchigwedeza m'mwamba ndikukuwa kuti, "Voti yanu, anthu a ku Kaseye!" Ng'ombe zinayesa chikwapu.

Mayo ine! Zinaliyatsa liwiro, pulawo inazuka m'nthaka n'kumadumpha ngati chule, ine ndili kakaka kugwirira. Mukufunsa kuti bwanji sindinasiye? Ndisiye pamaso pa ovota? Jombo imodzi inatsalira m'matope, ine kumathamanga mwendo wina uli ndi sokosi yokha, a Sikwese akukuwa kumbuyo, ng'ombe osamva. Tinatuluka m'munda mwawo, tinadumpha kamzere ka malire, tinalowa m'munda wa nyemba, ndipo mmenemo ndi mmene ndinagwa chafufumimba. Apo chindongwa cha makomo onse aja chinabwerera njira yomwe chinalowera.

Nditadzutsa mutu, ndinaona miyendo ya munthu ataima ndi khasu. Mwini munda. Mayi Namfukwe! M'minda yonse ya ku Kaseye, ng'ombe zija zinasankha wa mdani wanga.

"Yewo chomene, a Mngelezi," anatero mofatsa. "Mwandilimira, mwandithirira ndi manyowa omwe."

Anthu anafa nalo phwete. Nditacheuka ndinapeza akazi anga foni ili m'mwamba, akujambulabe.

"Mukutani inu?"

"Munati ndizingojambula basi."

Mpaka lero amalumbira kuti anangotumizira mng'ono wawo yekha wa ku Wenya, koma kanemayo anafika mpaka ku Nthalire kumene ngakhale galimoto imavutika kufikako. Ana ankandiona pamsika n'kuyamba kutsimphina mwendo umodzi. Koma sindinasiye mpikisano ayi, chifukwa a ku Mangalande nawonso amachita manyazi lero, mawa n'kuimanso pamaso pa anthu ngati palibe chachitika.

Tsiku losankha, mwachizolowezi chathu, opikisana tinaima kutsogolo maso kumsewu, ndipo ovota ankandanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Ndinkamva mapazi ambirimbiri akulowera kwa Mayi Namfukwe. Kenako ndinamva munthu ataima kumbuyo kwanga, akupuma pakhosi panga penipeni. Misozi inalengeza. Ndinati ngakhale akhale mmodzi, ndiye kuti sindine mlendonso kuno. Atatiuza kuti titembenuke, ndinapeza akazi anga ali pamzere wa Mayi Namfukwe, maso ali pansi, ndipo kumbuyo kwanga kunali a Sikwese.

"Adada, Mulungu akudalitseni," ndinatero.

"Ayi, ndabweretsa jombo yanu. Ndaipeza popalira."

Anandipatsa, yodzaza matope, n'kupita kukaima pamzere winawo.

Jombo ija ili pashelefu m'golosale, pansi pa kanema. Wandale wa ku Mangalande akaoneka atavala zake zatsopano pafupi ndi ng'ombe, sindisekanso, ndimangomulozera yangayo. Ndipo mukadzandionanso ine ndikupempha voti, mudzandimange m'goli limodzi ndi ng'ombe za a Sikwese.